Kudontha Mkodzo Pambuyo Pobereka

Mai akavutika pobereka masiku awiri mwana osatuluka, mutu wa mwanayo umapanikiza cikhodzodzo mpaka kucibooka. Mkodzo umangodontha usana ndi usiku. Matendawa ndi fistula, si ufiti kapena cigololo monga anenera ena.

Pa cipatala ca St Francis ku Katete amasoka bowolo, naikamo kapaipi kotulutsa mkodzo kuti cilonda cipole. Kale kapaipika kanali kukhala masiku 14. Mu 2015 kafukufuku wa azimai 524 m'maiko 8 a mu Africa anaonetsa kuti bowo likakhala losavuta kusoka, masiku 7 akwanira. Mu 2018 bungwe la WHO linavomereza masiku 7 mpaka 10.

Kwa mai wa ku Vubwi, wosiya ana ndi munda, kubwerera msanga sabata yathunthu n'kwakukulu ndithu. Koma tsiku locotsa kapaipi amanena ndi dokotala amene anasoka.