Phindu la nkhuku za nyama limayambira m'matumbo a mwanapiye

Mlimi akagula anapiye a nkhuku za nyama, maganizo ake amathamangira ku tsiku logulitsa, pakatha milungu isanu kapena isanu ndi umodzi. Komatu kafukufuku wa sayansi ya ziweto akusonyeza kuti kulemera kwa nkhuku pa tsikulo kumadalira kwambiri zomwe zidachitika m'matumbo mwake m'sabata yoyamba. Phunziro lino ndi la magulu a amayi, achinyamata ndi alimi onse a m'boma lathu amene aika ndalama zawo, nthawi zina zangongole, pa ulimi umenewu.

Nkhuku yofulumira kukula

M'chaka cha 2014, akatswiri a pa yunivesite ya Alberta m'dziko la Canada adafalitsa zotsatira za kafukufuku amene adaweta mitundu yakale ndi yatsopano ya nkhukuzi pa chakudya chofanana. Patatha masiku 56, nkhuku ya mtundu wa m'chaka cha 1957 idalemera magalamu 905, pamene ya mtundu wa 2005 idafika makilogalamu 4.2. Nkhuku yokula mwaliwiro lotere ilibe nthawi yobwezeretsa masiku otayika. Pa moyo wa masiku 35 mpaka 42, sabata imodzi ndi gawo lalikulu.

Zochitika m'kati mwa mwanapiye

Chakudya chikamezedwa chimayamba chaima m'chithokomiro, kenako chimasakanikirana ndi timadzi togaya m'mimba, n'kuperedwa mu nthutumba, chisanalowe m'matumbo aang'ono. M'matumbo amenewa ndi momwe thupi limayamwira chakudyacho. Khoma lake lam'kati lili ndi timinofu tambirimbiri tooneka ngati tizala, tomwe akatswiri amatitcha villi. Timinofuti tikakhala tatitali, malo oyamwira chakudya amachuluka, ndipo nkhuku imapindula ndi thumba lililonse lomwe mlimi wagula.

Mwanapiye amaswa pa tsiku la 21 matumbo ake ali osakhwima. M'sabata yoyamba, matumbowo amakula mofulumira kuposa thupi lonse, chifukwa ziwalo zina zonse zimadalira iwo. Chimene chimawafulumizitsa kukula ndi chakudya chodutsamo.

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Ndi zoona kuti mwanapiye amaswa ali ndi chikasu cha dzira chotsalira m'mimba mwake, chomwe chingamusunge wamoyo kwa masiku awiri kapena atatu. Koma kukhala wamoyo si kukula. Akatswiri a ku Israel, monga David Sklan, Yael Noy ndi Zehava Uni, adaonetsa kuti anapiye ochedwa kulandira chakudya amakhala ndi timinofu tam'matumbo tatifupi ndipo amatsalira pa kakulidwe. Adapezanso kuti mwanapiye wodya msanga amagwiritsa ntchito chikasucho mofulumira kuposa wanjala. Zimenezi n'zofunika chifukwa chikasu chimanyamula chitetezo chochokera kwa make. Tsono taganizirani za anapiye oyenda ulendo wautali kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre: akamafika pakhomo panu, nthawi yayamba kale kutha.

Tizilombo tothandiza

M'matumbo a nkhuku yathanzi mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso tambiri, ndipo tochuluka ndi tothandiza. Mwanapiye wa nkhuku yachikuda amatitenga potola zakudya pamene make wadutsa, koma woswedwa ndi makina alibe mwayi umenewu. M'chaka cha 1973, Nurmi ndi Rantala a ku Finland adasonyeza kuti anapiye opatsidwa tizilombo ta m'matumbo a nkhuku yaikulu yathanzi amatetezeka ku kachilombo ka Salmonella, popeza tabwinoto timatenga malo onse.

N'chifukwa chake chizolowezi chothira mankhwala opha mabakiteriya m'madzi a anapiye osadwala n'choopsa. Mankhwalawo amapha tizilombo tabwino ndi toipa tomwe, ndipo totsalato timasiya kumva mankhwala, vuto lomwe limakhudzanso anthu. Maiko a mu European Union adaletsa kugwiritsa ntchito mankhwalawa pofuna kukulitsa ziweto kuyambira m'chaka cha 2006.

Mdani wina ndi matenda a coccidiosis. Tizilombo take timakhwimira mu utuchi wonyowa ndipo timawononga khoma la matumbo, mpaka zitosi zina kutuluka ndi magazi.

Zoyenera kuchita

Choyamba, tenthetsani khola anapiye asanafike, kuti pamalo pawo pakhale madigiri pakati pa 30 ndi 32. Mwanapiye wozizidwa amaunjikana ndi anzake m'malo mokadya.

Chachiwiri, madzi aukhondo ndi chakudya cha sitata zikhale zili kale m'khola. Mwazani chakudya china pa mapepala kuti achipeze mosavuta. Madeya okha sakwanira pa msinkhu umenewu.

Chachitatu, gwirani chithokomiro. Patatha maola 24, sankhani anapiye 30 kapena 40 m'mbali zosiyanasiyana za khola. Chithokomiro chodzaza ndi chofewa chikusonyeza kuti mwanapiye wadya ndi kumwa. Cholimba ndiye kuti wadya koma sadamwe. Chopanda kanthu ndi chizindikiro cha vuto. Pa anapiye 100 alionse, osachepera 95 ayenera kukhala okhuta.

Chachinayi, chotsani utuchi wonyowa, makamaka pafupi ndi zomwera, ndipo mankhwala muziwapereka pokhapokha mlangizi wa ziweto akauona matendawo n'kukulangizani.

Pomaliza, yezani anapiye pa sikelo tsiku lofika ndi pa tsiku la 7. Mwanapiye woyamba bwino amayenera kulemera kanayi kapena kuposerapo kuyerekeza ndi tsiku loyamba: wa magalamu 40 afike 160 kapena kupitirira. Ngati anu sadafike pamenepo, lembani zomwe mwapeza ndipo kakambiraneni ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu musanaitanitse anapiye ena.