Akazembe a Ciroma m'Dziko la Yudeya

Ambiri a ife, powerenga za Pontiyo Pilato, timayesa kuti anali munthu wamkuru wosaopa kanthu. Iai, sikunali tero. Kwa Aroma Yudeya linali dziko laling'ono la kumalire, ulendo wa masabata ambiri pa ngalawa, ndipo kazembe wotumidwako sanali wa akuru a bwalo la ku Roma, koma wa ulemu wocepera pamenepo.

Aroma analowa m'Yerusalemu ndi mtsogoleri wao Pompey m'caka ca 63 B.C. Poyamba sanafune kuweruza dzikolo okha. Anakonda kuika mfumu ya komweko yowamvera, kuti udani wa anthu ugwere iyo. Wotere anali Herode, amene anapatsidwa ufumu ku Roma m'caka ca 40 B.C., natenga Yerusalemu m'caka ca 37 B.C. Atamwalira m'caka ca 4 B.C. (musadabwe ndi caka cimeneci, pakuti wokonza mawerengedwe a zaka zathu anaphonya pang'ono), dziko linagawidwa kwa ana ace atatu. Arikelao, wolandira Yudeya ndi Samariya, anacita nkhanza kufikira Ayuda ndi Asamariya, anthu osadyera m'mbale imodzi, anakamnenera kwa Kaisara Augusto. M'caka ca A.D. 6 anacotsedwa, napitikitsidwira ku Vienne m'dziko la Gaul. Pomwepo unayamba ulamuliro wa akazembe, ndipo nchito yoyamba ya boma latsopanolo inali kulembera anthu ndi cuma cao cifukwa ca msonkho. Ndiko kulembera kumene kunautsa cipanduko ca Yudase wa ku Galileya.

Tsono taonani umo kazembeyo anakhalira. Kwao kunali ku Kaisareya, m'mbali mwa nyanja. Ku Yerusalemu anakwerako makamaka pa masiku a mapwando, pamene makamu anacuruka. Asilikari ace anali ngati 3,000 okha, ndipo ambiri sanali Aroma, koma anyamata a ku Kaisareya ndi Sebaste, odana ndi Ayuda kuyambira kale. Magulu aakuru a nkhondo anali kutali ku Suriya, m'manja mwa kazembe wamkuru wa ku Antiokeya, amene analinso ndi mphamvu pa iye.

Nanga munthu wa asilikari ocepa cotere akanagwira bwanji mtundu wonse? Anaugwirira pa mkuru wa ansembe. Kazembe ndiye anali kumuika ndi kumcotsa. Valerius Gratus, amene anatsogolera Pilato, anacotsa anai, kuyambira Anasi, kufikira anapeza Kayafa ngati m'caka ca 18. Ngakhale zobvala zopatulika za mkuru wa ansembe zinali kutsekeredwa m'linga la Antonia, nizituruka pa mapwando pokha. Kayafa anakhala pa mpando zaka 18. Ine ndiyesa kuti munthu wokhalitsa cotere, pamene anzace anagwa msanga, anadziwa bwino cimene Aroma anafuna kumva.

Koma naye kazembe anali ndi cimene anaciopa, ndico kunenezedwa kwa akuru ace. Cifukwa cace Pilato anagonja pamene Ayuda anachula dzina la Kaisara pa mlandu wa Ambuye wathu. Ndipo cimene anaciopaco cinampeza ndithu. M'caka ca 36 anapha Asamariya osonkhana kunsi kwa phiri la Gerizimu, iwo nakadandaula kwa Vitellius, kazembe wa Suriya, amene anamtumiza ku Roma kukayankha. Mwala wolembedwa dzina la Pilato ndi udindo wace unapezeka ku Kaisareya m'caka ca 1961.

Herode Agripa anabweza ufumu kanthawi, kuyambira 41 kufikira 44, ndipo atafa iye akazembe anabweranso, Felike, Festo ndi ena. M'caka ca 66 Gessius Florus anatenga matalente 17 m'cuma ca Kacisi, nkhondo nibuka. Titus anapasula Yerusalemu m'caka ca 70, ndipo Aroma anaikamo gulu lalikuru la asilikari ao eni ace, ndi kazembe wa ulemu wapamwamba. Citatha cipanduko cina m'caka ca 135, Kaisara Hadrian anafafaniza dzina la Yudeya, nacha dzikolo Syria Palaestina.