Msewu ukadzadutsa pa okala yanu, chipukuta misozi chidzachokera m'buku lanu

Mukaona anthu akukhoma zikhomo ndi kulemba X wofiira pazipupa m'mbali mwa msewu, dziwani kuti nthawi yokonza mapepala yakwana. Boma lili ndi mphamvu yotenga malo a munthu pofuna kumanga msewu, sukulu kapena chipatala, koma silingangotenga mwachisawawa. Gawo 28 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza katundu wa munthu aliyense, ndipo gawo 44 limati malo atengedwe pokhapokha ngati ntchitoyo ndi yothandiza anthu onse, mwauzidwa nthawi ikadalipo, komanso mwapatsidwa chipukuta misozi choyenera. Ngati ndalamazo simukukhutira nazo, khoti ndi lotsegula.

Ambiri amaganiza kuti amalipira njerwa ndi malata basi. Ayi. Lamulo la katengedwe ka malo limawerengeranso kutayika kwa bizinesi, ndalama zosamukira, ngakhalenso makasitomala amene munawazolowetsa pamalopo. Vuto ndi lakuti wowerengera mtengo wa katundu sangalembe phindu limene mwangonena pakamwa. Mukati "ndimapha makwacha pano", adzafunsa umboni. Ndiye buku lija mumalembamo zimene mwaoda ndi zimene mwagulitsa, malisiti a msonkho wa pamsika, laisensi ya khonsolo, zonsezi zisungeni mu jumbo pamalo osanyowa. Jambulaninso okala yanu ndi foni, kunja ndi mkati, katundu ali m'mashelefu.

Inu ochita lendi, tcherani khutu apa. Ndalama za nyumba zimapita kwa mwini nyumba, koma bizinesi ndi yanu. Tsiku la kalembera mukhalepo nokha, dzina lanu lilowe m'kaundula, chiphaso cha unzika chili m'manja. Osatuma mwana, osadalira alandilodi kuti akulembetseni. Zomanga pambuyo pa kalembera kawirikawiri siziwerengedwa, choncho kuthamangira kuwonjezera khonde usiku ndi kungotaya simenti.

Pali china chowawa. Pa misewu ikuluikulu ngati M1, malo a msewu ndi mamita 60, kutanthauza mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. Amene anamanga m'menemo popanda chilolezo angathe kuuzidwa kuti agwetse yekha osalandira kanthu. Musanagule kapuloti ka "pamsewu penipeni", yambani mwayeza ndi kufunsa ku ofesi ya DC kapena ku khonsolo.

Ndipo akabwera ndi fomu, werengani chilichonse chimene alemba, chitseko, zenera, ngakhale mtengo wa mango uli kuseri kuja. Pemphani kope yanu musanasayine.