PHUNZIRO: KUONA MWEZI NDI NZERU ZA OUFUFUZA



Shaabani ikamatha, mkangano suchedwa kubuka m'midzi yathu ya ku Machinga ndi ku Balaka. Mudzi wina ukuti mwezi tauona, wina ukuti bodza. Mapeto ake mzikiti uwu ukuswali Idi, mzikiti uwo anthu akadali pa swaumu, pamene onsewo ndi pachibale. Tsono tiyeni tiudziwe bwino mwezi umene tikukanganiranawu.

Mwezi ndi chiyani?

Mwezi ndi cholengedwa cha Allah. Ndi chimpira cha miyala ndi fumbi, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000 kuchokera kuno. Ulibe kuwala kwakekwake, umangobweza kuwala kwa dzuwa. Kuchokera pa kubadwa kwake kufikira ubadwenso pamapita masiku 29 ndi theka. Nchifukwa chake mwezi wa Chisilamu umakhala wa masiku 29 kapena 30, osati 31 ayi. Chaka chathu chili ndi masiku 354 kapena 355, choperewera masiku ngati 11 pa chaka cha boma. Chotero Ramadhani imayendayenda: mu 1980 tidafunga mu Julaye nthawi yachisanu, mu 2005 tidafunga mu Okutobala dzuwa la ku Balaka likuswa mtengo, mu 2025 tidafunga mu Malichi chimanga chili m'munda. Pakatha zaka 33 imabwerera pomwe idayambira.

Ntchito yake pa dziko

Mwezi umakoka madzi a m'nyanja zamchere. Mukakwera njanji ya ku Nkaya, kudutsa Liwonde ndi Nayuchi mpaka ku Nacala, mukaona madzi akusefukira kumtunda ndi kuphwanso kawiri pa tsiku. Amakwera kwambiri mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu. Makolo athu Achiyao, popita ku Kilwa pa malonda, adapeza amalinyero akuwerengera zimenezi asanakweze matanga. Asodzi a usipa ku Mangochi nawo akudziwa: amakopa nsomba ndi nyali, ndiye mwezi ukawala kwambiri usipa subwera. Akatswiri akutinso mphamvu ya mwezi imathandiza kuti dziko lisamagwedere pa kupendekeka kwake, ndipo motero dzinja ndi chilimwe zimabwera mwa dongosolo.

Koma chenjerani. Mwezi supatsa munthu mwayi kapena tsoka. Tsiku limene adamwalira Ibrahim, mwana wa Mtumiki Muhammad (S.A.W.), kudachita kadamsana, anthu nkumati dzuwa likulira maliro. Mtumiki adawaletsa maganizo otere, nawalangiza kuti akaona kadamsana aziswali.

Nanga opita kumwezi aja?

Pa 20 Julaye 1969 Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin a ku America adaponda pa mwezi. Pofika 1972 anthu 12 adali atapondapo, ndipo adabwera ndi miyala ndi dothi zolemera makilogalamu 382. Mu 2023 dziko la India lidatsitsa chombo chake kufupi ndi nsonga ya kummwera kwa mwezi, ndipo mu 2024 China idatenga dothi la kuseri kumene sitikuona.

Mwina mufunsa: ife alimi a ku Nsanama tipindulanji? Mvetsani. Anthu aja adasiyako magalasi obweza kuwala, ndipo ndi magalasiwo akatswiri amayeza mtunda wa mwezi mosaphonya, mpaka adapeza kuti umatalikira masentimita pafupifupi 4 chaka chilichonse. Lero amatha kunena ola lenileni limene mwezi ubadwe ndi nthawi imene ulowe ku Liwonde kapena ku Ulongwe. Adapezanso kuti mwezi wosakwana maola 15 chibadwire suoneka ndi maso wamba. Si zamatsenga izi, ndi masamu a kayendedwe kamene Allah adakakhazikitsa.

Lamulo lathu silinasinthe. Mtumiki (S.A.W.) adatiphunzitsa kuyamba ndi kumaliza swaumu poona mwezi, ndipo kukachita mitambo, kukwaniritsa masiku 30. Masamu salowa m'malo mwa diso, koma amaliongolera, ndiponso amatiteteza ku umboni wolakwika. Munthu akati wauona pa tsiku limene mwezi udalowa dzuwa lisanalowe, ndiye kuti waona kamtambo kapena nyenyezi, ngakhale akhale woopa Allah chotani.

Zoyenera kuchita

1. Pa 29 Shaabani ndi pa 29 Ramadhani, Magharibi ikangokwana, yang'anani kuzambwe pafupi ndi pamene dzuwa lalowera. Musachedwe, pakuti mwezi wakhanda sukhalitsa.

2. Mukauona, pitani kwa Shehe wa dera lanu, mufotokoze nthawi, malo, ndi kumene nyanga zake zidaloza. Akakufunsitsani musakwiye, ndi udindo wake.

3. Musafalitse za m'maluwa pa lamya. Dikirani chilengezo cha atsogoleri, monga cha Muslim Association of Malawi, ndipo tcherani khutu ku Radio Islam.

4. Zaka zino Ramadhani ikugwa m'dzinja, ndipo mitambo idzatibisira mwezi kawirikawiri. Pamenepo kukwaniritsa 30 si kulephera, ndi kumvera.

5. Tumizani ana ku madrasa ndi ku sukulu komwe, anyamata ndi atsikana, kuti mawa tidzakhale ndi akatswiri athuathu odziwa Sharia ndi masamu a zakuthambo.

Allah alandire swaumu yathu, ndipo atisonkhanitse pa Idi imodzi. Amin.