Kutupa kwa M'kati mwa Ziboda: Kodi Kavalo Angabwererenso pa Ntchito?

Ku Kurasini, mu mzinda wa Dar es Salaam, kuli gulu la apolisi a dziko la Tanzania limene limasunga agalu ndi akavalo. Akavalo a ntchito yotere, pamodzi ndi abulu okoka ngolo m'midzi, angathe kugwidwa ndi nthenda imene madokotala a ziweto amaitcha laminitis. Timinofu tolumikiza fupa la phazi ndi chiboda timatupa ndi kufooka, ndipo fupalo limayamba kupendekera pansi kapena kutsika lonse.

Gwero lake kawirikawiri ndi chakudya. Chiweto chikadya chimanga kapena madeya (gaga) ambiri nthawi imodzi, kapena msipu wanthete wa mvula yoyamba, chili pa ngozi. Chimodzimodzinso chiweto chonenepa kwambiri, ndi chachikazi chimene nsengwa yatsalira m'mimba chitabereka. Kavalo wodwala amakana kuyenda, amaima atatambasulira kutsogolo miyendo yakutsogolo, ndipo ziboda zimatentha. Bulu amabisa ululu; amangokonda kugona pansi, mwini wake n'kumati ndi ulesi.

Mwini chiweto amafuna kudziwa ngati chidzagwiranso ntchito. Yankho lagona pa mmene fupa lasunthira, ndipo zimenezi zimaoneka bwino pa chithunzi cha X-ray. M'chaka cha 1982, a Stick ndi anzawo ku America anapeza kuti akavalo amene fupa linapendekera osapitirira madigiri 5.5 ankabwerera pa ntchito yawo yakale, pamene opitirira madigiri 11.5 sankabwereranso. Manambalawa si lamulo, pakuti chiboda chodulidwa mwaluso chimathandiza ena opitirira pamenepo. Koma fupa likatsika lonse, chiyembekezo chimachepa zedi.

Kumene kulibe X-ray, mlangizi aone masiku oyamba. Chiweto chimene ululu wachepa msanga chili ndi mwayi. Chimene chikungogona kwa masabata chifunika dokotala agamulepo.

Thandizo liyambe tsiku lomwelo. Chimanga ndi madeya zichotsedwe, chiweto chizidya udzu wouma, chiime pa mchenga wofewa, ndipo chisakakamizidwe kuyenda. Mankhwala ochepetsa ululu, monga phenylbutazone, aperekedwe ndi dokotala wa ziweto. M'chaka cha 2004, a van Eps ndi a Pollitt ku Australia anaonetsa kuti kuviika mwendo m'madzi a ayezi kwa maola 48 kumachepetsa kuonongeka, makamaka chiweto chisanayambe kutsimphina.

Ambiri amalakwitsa pobwezera chiweto pa ntchito chikangoleka kutsimphina, osadziwa kuti mankhwala angobisa ululu pamene timinofu tija sitinalimbe. Chiboda chimakula pang'onopang'ono, pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi kapena kucheperapo, kotero kuti chatsopano chimakwanira patapita miyezi 9 mpaka 12. Chiweto chimene fupa linasuntha chiyembekezere nthawi yonseyo, chiboda chikudulidwa pafupipafupi, kenaka chiyambe ndi ntchito yopepuka pa nthaka yofewa.