Phunziro 14: Malipiro a mitengo yosadulidwa

Mtengo ukadulidwa umabweretsa ndalama. Ena amaceka matabwa, ena amaocha makala. Nanga mtengo umene uli ciimire m'nkhalango ungabweretse kanthu?

Mitengo imakoka mpweya wa kaboni m'mlengalenga ndi kuusunga m'thunthu, m'nthambi ndi m'mizu. Nkhalango ikapsa, mpweyawo umabwerera kumwamba ndipo dziko limanka litenthera. Maiko olemera ndi amene amatulutsa mpweya wambiri wotere. Motero ena mwa iwo anasonkha ndalama zolipira maiko osauka amene asunga nkhalango zao.

M'caka ca 2019, boma la Moçambique linapangana ndi thumba la ndalama zoterezi, loyang'aniridwa ndi Banki ya Dziko Lonse. Panganolo linakhudza maboma 9 a m'cigawo ca Zambézia, monga Gilé, Mocuba, Gurué ndi Pebane, kumene kuli nkhalango za miombo. Anagwirizana madola 5 pa tani iliyonse ya mpweya umene sunapite kumwamba, kulekeza pa madola 50 miliyoni.

Koma ndalamazo sizibwera nchito isanaoneke. Akatswiri amayamba ayang'ana zithunzi za nkhalango zojambulidwa kucokera kumwamba. Amaziyerekeza ndi za zaka zam'mbuyo. Akapeza kuti kudula kwacepa, m'pamene malipiro amatuluka. M'caka ca 2021, Moçambique inalandira madola 6,4 miliyoni cifukwa ca matani 1,28 miliyoni. Inali dziko loyamba kulipidwa ndi thumbali.

Pomwe pavuta ndi kumudzi. Nkhalango zambiri za dziko lino zimatha cifukwa ca minda yatsopano. Nthaka ikaguga, mlimi amatema mitengo, naitentha, nadzala cimanga kapena cinangwa paphulusa. Sacita zimenezi cifukwa codana ndi mitengo: ana ake akufuna nsima caka comweco, pamene malipiro a nkhalango amafika patapita zaka. N'cifukwa cake anagwirizana kuti magawo 70 pa 100 alionse a ndalamazo apite kwa anthu a m'midzi, kuti awathandize kukolola zokwanira pamunda umodzimodziwo.

Mafunso

1. Kodi mtengo umasunga kuti mpweya wa kaboni?
2. Matani 1000 angabweretse madola angati?
3. Cifukwa ciani malipiro amacedwa kufika?
4. Funsani agogo anu kumene nkhalango inkalekezera iwo ali ana. Nanga lero ikulekezera pati?