Nkhawa Zikakhalitsa, Thupi Nalo Limadwala

Galu wolusa akakutulukirani panjira, mtima umagunda mofulumira, m'manja mumachita thukuta, miyendo imapeza mphamvu zothawira. Zimatero chifukwa tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timathira m'magazi timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Galuyo akabwerera, thupi limakhazikika.

Koma ngongole ya katapila sichoka msanga choncho. Fizi ya ana, mtengo wa feteleza, kudwazika matenda miyezi yambirimbiri, mkangano wa m'banja, izi munthu amagona nazo n'kudzuka nazo, ndipo timadzi tija timangotulukabe tsiku ndi tsiku.

Mapeto ake BP imakwera, shuga amavuta kutsika, chitetezo cha m'thupi chimafooka moti chimfine chilichonse chodutsa chimakugwirani. Mutu umawawa ngati mwaumanga chingwe, khosi ndi mapewa zimauma, m'mimba mumaotcha. Amayi ena msambo umasokonekera, ndipo chilakolako cha m'banja chimazilala kwa abambo ndi amayi omwe. Tulo timatha pakati pa usiku, munthu n'kumangotembenuka pamphasa akuwerengetsera ndalama zomwe palibe. Kukacha amaiwalaiwala, amakalipira mwana pa nkhani ya supuni. Ambiri zikafika apa amangogula Panado pa okala, ena amathawira ku kachasu, komwe kumangowonjezera vuto.

Nanga mungatani? Uzani munthu amene mumamukhulupirira zomwe zikukudyani mumtima. Abambo, izi zikukukhudzani kwambiri, chifukwa kufa nazo chamumtima si chamuna ayi. Yesetsani kugona maola 7 kapena kuposerapo, ndipo yendani ndawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata. Mtima ukayamba kuthamanga, khalani pansi, kokani mpweya pang'onopang'ono kudzera m'mphuno, n'kuutulutsa mosafulumira kangapo konse.

Kayezetseni BP kuchipatala ngakhale musakumva kuwawa paliponse, poti nthawi zambiri imakwera mwakachetechete. Ikamafika 140/90 kapena kuposa mobwerezabwereza, pakufunika thandizo. Mukalowa kwa adokotala musangonena za mutu wokha, nenaninso zomwe zikukusowetsani tulo.

Ngati mwatha masabata awiri muli okhumudwa, osasangalatsidwa ndi chilichonse, kaonaneni ndi azaumoyo. Matenda a maganizo amachizika. Koma wina pakhomo panu akanena kuti bola kungofa, musamuseke kapena kumukalipira, ndipo musamusiye yekha. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.